Kusamalira akalulu m'nyengo yachisanu ku Harare: mafunso ndi mayankho

Mwezi wa Meyi ukamatha, anthu amene amaweta akalulu kuseri kwa nyumba ku Mabvuku, Tafara, Mufakose, Highfield ndi madera ena a Harare amayamba kuda nkhawa ndi ziweto zawo, makamaka m'mabanja mmene akaluluwo ndi a ana ndipo ali ndi mayina. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri pa nthawi imeneyi.

Kodi kuzizira kwa Harare kungaphe kalulu?

Kalulu wamkulu, wathanzi, amene akudya bwino ndiponso ali pamalo ouma, safa ndi kuzizira kwa mzinda uno. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi mu Julayi usiku kumazizira mpaka madigiri 7 kapena kucheperapo, pamene masana dzuwa limakweza kutentha kufika pa madigiri 21 kapena 22. M'malo otsika, monga m'mphepete mwa mtsinje wa Mukuvisi ndi m'madambo a Marimba ndi Monavale, mpweya wozizira umatsikira komweko usiku, kotero kuti masiku ena m'mawa udzu umapezeka utayera ndi chisanu. Ngakhale zili choncho, kalulu amamva bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 10 ndi 20, ndipo kukayamba kuzizira amamera ubweya wina wothithikana pansi pa ubweya wapamwamba. Mwezi woopsa kwambiri kwa akalulu kuno ndi Okutobala, chifukwa nyamayi situluka thukuta ngati munthu, ndipo kutentha kukayandikira madigiri 30 imayamba kuvutika.

Akalulu amene amafa m'nyengo yachisanu nthawi zambiri amafa chifukwa cha zinthu zobwera ndi chisanucho: pogona ponyowa, mphepo yowomba molunjika m'khola usiku wonse, mpweya woipa wa m'khola lotsekedwa ponseponse, kapena kusintha kwa chakudya msipu ukauma. Amene kuzizira pakokha kungawaphe ndi ana ongobadwa kumene, akalulu okalamba, owonda, odwala, ndi a mitundu ing'onoing'ono monga Netherland Dwarf, amene thupi lawo limataya kutentha msanga kusiyana ndi New Zealand White kapena Flemish Giant.

Kalulu wakutchire amagona panja chaka chonse. Nanga wanga angalephere bwanji?

Izi ndi nyama ziwiri zosiyana. Kalulu amene timamuona akuthawa m'thengo sakumba una, amagona m'kathengo, ndipo ana ake amabadwa ali kale ndi ubweya, maso ali otseguka. Kalulu woweta anachokera ku Spain ndi Portugal, kumene makolo ake amakhala m'mauna akuya m'magulumagulu, ndipo m'unamo simuwomba mphepo, simugwa mame, kutentha kwake sikusinthasintha kwenikweni. Mukamuika m'khola la waya lopachika m'mwamba, mwamuchotsera unawo, choncho ndi udindo wanu kumupatsa china cholowa m'malo mwake, chimene ndi kachipinda kotsekedwa mbali zonse, kokhala ndi kakhomo kamodzi ndi udzu wambiri.

Khola likhale pati, ndipo liyang'ane kuti?

M'nyengo ino dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo mphepo yozizira imachokera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa. Choncho khomo la khola liyang'ane kumpoto, ndipo kumbuyo kwake kutsamire ku khoma la nyumba kapena ku mpanda. Khoma la njerwa limene lawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse limatulutsa kutentha pang'onopang'ono usiku, ndipo zimenezi ndi zaulere. Pewani kampata kapakati pa nyumba ndi mpanda kumene mphepo imathamanga. Ngati munthu sangakhale pamenepo madzulo popanda jekete, si malo a khola.

Khola likwezedwe kuchoka pansi, masentimita 60 kapena kupitirira, kuti chinyezi ndi chisanu cha pansi zisalowe, komanso kuti agalu ndi makoswe asafike mosavuta. Denga lamalata limazizira kwambiri usiku ndipo m'bandakucha limadontha madzi mkati, choncho ndi bwino kukhomera thabwa kapena makatoni kunsi kwake, pamene kalulu sangafikire, kapena kuyala udzu pamwamba pake. Mbali ina ya khola ikhale ndi mthunzi nthawi zonse, chifukwa dzuwa la masana, ngakhale mu Julayi, limaotcha kalulu amene alibe kothawira.

Kodi ndikulunge khola lonse ndi pulasitiki kapena tenti usiku?

Ayi, ndipo apa ndi pamene eni ake ambiri amavulaza ziweto zawo akuganiza kuti akuzichitira chifundo. Mkodzo wa kalulu umatulutsa mpweya wa amoniya, uja umaswa mphuno mukatsegula khola losasesedwa. Khola likakulungidwa ponseponse, mpweyawo sutuluka, nthunzi ya kupuma kwa akalulu imasanduka madzi pa pulasitikiyo n'kudonthera pa udzu, ndipo pofika m'mawa nyamazo zimakhala zapuma mpweya wolasa m'mphuno ndi m'mapapo kwa maola khumi. Tizilombo totchedwa Pasteurella, timene akalulu ambiri amakhala nato m'mphuno osadwala, timapeza mpata pamenepo, ndipo zotsatira zake ndi chimfine chosatha kapena chibayo.

Tsekani mbali zitatu, kumbuyo ndi m'mbali, ndi matabwa kapena masaka. Kutsogolo mutha kupachika chiguduli kapena bulangete lakale dzuwa likamalowa, koma siyani mpata wa chikhatho chimodzi kumwamba kuti mpweya uziyenda pamwamba pa mitu ya akalulu, osati pa matupi awo. Chofunditsacho chikhale kunja kwa waya patali ndi mano, popeza kalulu samasanza, ndipo ulusi kapena pulasitiki imene wameza ingatseke matumbo. M'mawa dzuwa likatuluka, chotsani. Pa masiku a mitambo ndi kamvula kowaza kamene kuno amati guti, kofanana ndi chiperoni cha ku Mulanje ndi Thyolo, chofunditsa chikhoza kukhala tsiku lonse kumbali kumene kukuchokera mphepo, koma chikanyowa chisinthidwe.

Pogona ndiyale chiyani?

Pansi penipeni yalani nyuzipepala kapena makatoni kuti azimwa mkodzo, ndipo pamwamba pake muike udzu wouma wochuluka moti kalulu akhoza kubisalamo. Mapesi a tirigu ndi abwino koposa chifukwa ndi amphako ndipo amasunga kutentha; ku Zimbabwe tirigu amalimidwa mothirira m'nyengo yachisanu n'kukololedwa chakumapeto kwa chaka, choncho mapesi amene mungapeze mu Juni ndi a chaka chatha, ndipo muyenera kuwanunkhiza musanagule. Chilichonse chonunkha chuku chitayidwe. Utuchi wosalala wa kumalo ochekera matabwa uli ndi fumbi lolowa m'mphuno, ndipo wa matabwa othiridwa mankhwala a chiswe ndi poizoni. Mabulangete ndi zovala zakale m'kati mwa khola zimanyowa, sizimauma msanga, ndipo zimatafunidwa.

Ngati pansi pa khola ndi pawaya, ikani thabwa losalala pamene kalulu angapondepo, chifukwa waya amasupula ubweya wa kuphazi n'kusiya zilonda zovuta kupola. Kalulu amakodza pangodya imodzi, choncho ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yochepa: chotsani udzu wonyowa pangodya imeneyo n'kuikapo wouma. Khola lonse liyeretsedwe kamodzi pamlungu, m'mawa, kuti lifike madzulo litauma.

Nanga mbaula, nyali ya parafini, kapena hita yamagetsi?

Mbaula isayandikire khola. Makala oyaka pamalo otsekedwa amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo chaka ndi chaka m'nyengo ino, ndipo nyama yolemera makilogalamu awiri kapena atatu imafa msanga kuposa munthu. Nyali ndi kandulo pafupi ndi udzu wouma ndi moto umene ukungodikira nthawi. Hita yamagetsi nayo ili ndi mavuto awiri: kalulu amatafuna nthambo, komanso magetsi akathima pakati pa usiku, nyama imene inazolowera kufunda imagwidwa ndi chisanu mwadzidzidzi.

Kwa kalulu wokalamba kapena wodwala, tenthetsani njerwa pafupi ndi moto, muikulunge m'katoni, muiyese ndi dzanja kuti isaotche, kenako muiike pangodya imodzi ya pogona kuti iye asankhe yekha kuyandikira kapena kutalikira. Kalulu wathanzi safuna zimenezi. Chomufunditsa chabwino ndi mnzake, chifukwa akalulu awiri ogwirizana amagona moguyana. Koma musaike pamodzi akalulu osadziwana chifukwa chongofuna kuti afunditsane, makamaka amphongo awiri, popeza amalumana koopsa. Ndipo wamphongo ndi wamkazi osafulidwa adzakupatsani ana pakangotha mwezi.

Kodi ndizimulowetsa m'nyumba usiku n'kumutulutsa m'mawa?

Ngati m'nyumbamo ndi mofunda kwambiri, monga m'khitchini mmene mwaphikidwa, kuchita zimenezi tsiku ndi tsiku kumasokoneza thupi lake, chifukwa limalephera kuzolowera mbali iliyonse. Sankhani chimodzi. Kalulu amene wakhala panja kuyambira Epulo wamera kale ubweya woyenera ndipo akhale panjapo, kapena asamutsidwire pakhonde lotchingika kapena m'kachipinda kosungira katundu kopanda moto. Galaja imene mumalowa galimoto si malo abwino chifukwa cha utsi. Kalulu amene wakulira m'nyumba asatulutsidwe kukagona panja mu Juni kapena Julayi. Dikirani kufikira Seputembala.

Chakudya chisinthe bwanji m'nyengo ino?

Funso ili ndi lofunika kuposa onse okhudza khola, chifukwa kalulu amadzifunditsa ndi chimene wadya, ndipo chisanu cha Harare chimafika pamodzi ndi chilimwe chouma. Mvula imasiya mu Marichi kapena Epulo, chisoso ndi udzu wauwisi umene ana amazula m'mbali mwa minda zimatha, mabulosi amayoyola masamba, ndipo mwini kalulu amayamba kumupatsa chilichonse chimene chili pafupi.

Maziko a chakudya ndi udzu wouma, ndipo kalulu azidya mulu waukulu ngati thupi lake tsiku lililonse. Udzu umenewu umagwira ntchito ziwiri. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, akutsogolo mamilimita awiri kapena atatu pamlungu, ndipo amaperepeseka ndi kutafuna udzu. Komanso matumbo ake amayenda bwino pokhapokha ngati muli zakudya zokhakhala zotere nthawi zonse. Mabelo a udzu wa Rhodes kapena wa m'dambo amagulitsidwa m'masitolo a zakudya za ziweto, ndipo amene ali ndi chikwakwa angadule yekha mu Epulo udzu usanafere, n'kuuyanika ndi kuusunga pouma. Masangwe a mtedza ouma bwino nawo ndi chakudya chabwino. Lucerne, msipu wodzala wa gulu la nyemba, ali ndi mphamvu zambiri, ndipo ayenera ana amene akukula ndi amayi oyamwitsa. Wamkulu azimulawa pang'ono.

Chakudya chogula cha timibulu chikhale chochepa, pafupifupi magalamu 25 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa kalulu patsiku, ndipo kwa wogona panja mutha kuwonjezera pang'ono mu Juni ndi Julayi. Musamuyeze ndi maso, chifukwa ubweya wachisanu umabisa kuwonda. Mlungu uliwonse yendetsani dzanja pamsana pake. Ngati mafupa a msana akulasa chikhatho, chakudya chikuchepa kapena pali matenda.

Masamba a kovo, repu, kholowa, masamba a karoti ndi a nthochi ndi abwino, ndipo ku Mbare Musika masamba otsala sasowa. Atsukeni, muwasiye aume madzi, ndipo musapereke ovunda kapena othyoledwa m'mawa akadali ndi chisanu. Chakudya chatsopano chiyambitsidwe pang'onopang'ono kwa mlungu wathunthu, makamaka kabichi amene amatupitsa mimba akachuluka. Pali chizolowezi chopatsa kalulu chimanga chambiri, mkute wa nsima kapena buledi poganiza kuti afunde, koma zakudya zimenezi zimasokoneza tizilombo tabwino ta m'matumbo ndipo zimabweretsa kutsegula m'mimba. Gaga pang'ono savulaza, koma asalowe m'malo mwa udzu.

Zomera zina zobiriwira chaka chonse m'mabwalo a Harare ndi zakupha, ndipo zimakopa munthu pamene msipu wasowa. Masamba, makungwa ndi zipatso za mapeyala ndi poizoni kwa kalulu. Chimodzimodzi lantana, oleander, masamba a mbatatesi ndi a tomato. Ana amene amatumidwa kukafuna msipu aonetsedwe zomera zimenezi ndi maso.

Kodi amafunabe madzi ambiri kukuzizira?

Inde, ndipo mwina kuposa nthawi ya dzinja, chifukwa tsopano akudya zouma. Kalulu amamwa mamililita 50 mpaka 150 pa kilogalamu ya thupi lake patsiku, ndipo akasowa madzi amasiya kudya. Mbale yolemera yosagubuduzika ndi yabwino, iikidwe kutali ndi pogona, ndipo madzi asinthidwe m'mawa ndi madzulo. Ngati mumagwiritsa ntchito botolo, onani kuti kampira ka kukamwa kwake kakuyenda, makamaka m'mawa wa chisanu.

Kalulu wanga ali ndi bere ndipo aswa mu Juni. Nditani?

Bere la kalulu limatenga masiku pafupifupi 31. Pa tsiku la 28 ikani bokosi lathabwa, lalitali masentimita 45 ndi mulifupi 30 kwa kalulu wa msinkhu wapakati, lokhala ndi khomo lokwera masentimita 10 mpaka 15 kuti ana asagwere kunja. Dzazani ndi udzu wofewa. Make adzakonza chisa n'kuzula ubweya wa pachifuwa ndi pamimba pake kuti afunditse ana. Ngati wazula wochepa, mutha kumuzula pang'ono mofatsa, chifukwa nthawi imeneyi ubweyawo umachoka mosavuta.

Ana amabadwa opanda ubweya, osaona, ndipo sangathe kudzifunditsa okha. Ubweya umayamba kuphimba thupi pakatha mlungu, maso amatseguka pa masiku 10 kapena kupitirira pang'ono, ndipo masiku amenewa ndiwo oopsa. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti make sakhala m'bokosi ndipo amaganiza kuti wawakana. Umu ndi mmene kalulu alili: amayamwitsa kamodzi kapena kawiri patsiku kwa mphindi zochepa, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha, ndipo anawo amafunditsana okha mu ubweyawo. Chinanso n'chakuti kalulu sanyamula mwana pakamwa kumubwezera m'chisa monga amachitira mphaka. Mwana amene watuluka atakakamira kubere n'kugwera pawaya amakhala pomwepo mpaka munthu amutole, ndipo mu Julayi maola ochepa ndi okwanira kumupha.

Choncho yenderani khola usiku musanagone ndi m'mamawa. Kugwira ana ndi manja oyera sikuchititsa make kuwakana. Mwana amene mwamupeza wazizira ndipo sakugwedezeka musafulumire kumutaya. Muikeni pachifuwa panu m'kati mwa malaya kufikira atafunda, popeza ambiri amatsitsimuka, ndipo mumubwezere pakati pa anzake akayamba kuyenda. Mwana wokhuta amakhala ndi mimba yozungulira, pamene wanjala khungu lake limakwinyika. Ana akakhala awiri okha kapena mmodzi, sangafunditsane mokwanira, ndipo pamenepo ndi bwino kulowetsa bokosilo m'nyumba usiku n'kulibwezera kwa make m'mamawa kuti ayamwitse. Kwa amene amaweta akalulu ongosangalatsa pakhomo, njira yosavuta ndiyo kulekanitsa wamphongo ndi wamkazi kuyambira Epulo.

Ndingadziwe bwanji kuti kalulu wadwala?

Kalulu amabisa matenda, choncho yang'anani zinthu zing'onozing'ono. Kuyetsemula kobwerezabwereza, mamina oyera, maso olira, ndi ubweya womatana kumiyendo yakutsogolo kumene amapukutira mphuno ndi zizindikiro za chimfine. Kalulu amapuma ndi mphuno basi, ndipo mukamuona akupuma ndi kukamwa, mutu atakweza, ali pangozi yaikulu. Ndowe zikachepa, zikakhala zing'onozing'ono, kapena akakhala maola 12 osadya, matumbo aima, ndipo zimenezi sizidikira mawa.

Pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Mu Harare muli madokotala a ziweto oyima paokha, muli bungwe loteteza nyama ku nkhanza la SPCA, ndiponso University of Zimbabwe ku Mount Pleasant imaphunzitsa udokotala wa ziweto. Musamumwetse mankhwala otsala m'nyumba: amoxicillin ndi mankhwala ena a gulu la penicillin akamwedwa amapha kalulu, ndipo mankhwala a utitiri wa agalu okhala ndi fipronil nawonso amapha. Akalulu angapo akafa mwadzidzidzi, ena atatuluka magazi m'mphuno, musanene kuti ndi chisanu. Matenda opatsirana otaya magazi m'kati anabuka ku South Africa mu 2022, ndipo imfa zotere ziyenera kunenedwa ku Department of Veterinary Services, nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto. Kalulu watsopano akhale payekha kwa milungu iwiri kapena kupitirira asanasakanizidwe ndi ena.

Ndamupeza m'mawa ali lefu, makutu ali ozizira. Ndichite chiyani nthawi yomweyo?

Makutu ozizira paokha si vuto, chifukwa kukazizira kalulu amachepetsa magazi opita kumakutu kuti asunge kutentha. Vuto ndi pamene walefuka, sakudya, ndipo thupi lonse likuzizira. Kutentha kwa thupi la kalulu kumakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40. Mulowetseni m'nyumba, mumupukute ngati wanyowa, mumukulunge m'thaulo, ndipo muike pambali pake botolo la madzi ofunda lokulungidwa. Afunde pang'onopang'ono, osati pafupi ndi moto. Musamuthire madzi kapena chakudya m'kamwa pamene sakutha kumeza. Kalulu wamkulu akafika pamenepa, nthawi zambiri pamakhala matenda ena amene amufooketsa, choncho ngakhale atatsitsimuka aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.

Kodi ndingamusambitse, kapena kumuveka kajuzi?

Zonse ziwiri ayi. Ubweya wa kalulu ukanyowa umachedwa kuuma, ndipo kajuzi kamamukola miyendo n'kumulepheretsa kudya ndowe zofewa za usiku zimene amatenga yekha kumbuyo kwake, zomwe ndi gawo la chakudya chake. Ngati kumatako kwada, pukutani pokhapo ndi kansalu kofunda n'kuumitsa bwinobwino. Akalulu a ubweya wautali monga Angora azipesedwa, chifukwa ubweya wopotana sufunditsa.

Zofunditsa zichotsedwe liti?

Ogasiti amakhala ndi mphepo yamphamvu ndi fumbi, ndipo usiku kumazizirabe, choncho zotchinga za m'mbali zikhalepo mwezi umenewo. Ndi nthawinso imene moto wolusa umayamba m'madambo, kotero udzu wouma wozungulira khola ulambulidwe, ndipo mabelo asungidwe patali, m'malo amene makoswe sangamangemo zisa, popeza makoswe amadya ana a kalulu m'bokosi momwe. Seputembala akayamba, chotsani masaka, chepetsani udzu wa pogona, ndipo muzipesa kalulu kawirikawiri chifukwa ubweya wachisanu ukuyoyoka ndipo akamadzinyambita amaumeza. Khola limene linayang'ana dzuwa mu Juni lisunthidwire pamthunzi Okutobala asanafike.